Ntchito yanga ilibe matuza

Kwathu kuno ntchito ndi imene imaoneka ndi maso. Munthu akalima, mizere imaoneka. Akaumba njerwa, uvuni umaima poyera. Akachokera kuchigayo amabwera nsidze zitayera ndi ufa. Ndiye tangoganizani mtsikana wamkulu ndithu, wa zaka 26, amene abale anasonkherana nkhuku ndi mtedza pomuperekeza ku yunivesite ku Zomba, lero wabwerako ndi digiri yake n'kumangokhala pakhonde tsiku lonse maso ali pa laputopu, ndipo kukacha, anzake akunyamula makasu, iye n'kumamanga galu chingwe m'khosi ulendo wa kuphiri. Mtsikana ameneyo ndine. Ndimalemba nkhani, ndipo ndimalembera m'mudzi wa amayi anga, m'munsi mwa mapiri a Chongoni m'boma la Dedza.

Mabungwe ndi makampani a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndiwo amanditumizira zoti ndiwalembere: nkhani za pa masamba awo a pa intaneti, mauthenga a pa Facebook, timabuku tophunzitsa alimi kasungidwe ka chimanga, nthawi zina mawu a malonda a pa wailesi. Zina ndimamasulira kuchokera m'Chingerezi. Ntchito iliyonse imabwera ndi tsiku komanso ola loti ikhale itafika, lija timangoti dedilaini. Amandilipira pa ntchito imene ndamaliza, ndipo ndalama zake zimalowa pafoni. Palibe ofesi, palibe yunifolomu, palibe basi yodzanditenga m'mawa. Agogo anga akafunsidwa ndi anzawo a kumvano kuti mdzukulu wanu wophunzira uja amagwira kuti, amayankha molimba mtima kuti, "Amagwira m'kompyutamo," ngati kuti M'kompyutamo ndi dzina la esiteti ya fodya ku Kasungu.

Ku Lilongwe ndinakhalako chaka ndi miyezi ingapo, ndikuchita lendi kachipinda kamodzi ku Kawale. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi, chakudya ndi minibasi zonse zinakwera, koma mtengo wa mawu anga unangoima pomwepo. Nthawi yomweyo matenda a kuthamanga kwa magazi anayamba kuwavuta amayi, mng'ono wanga ali kusekondale yogonera konko. Nditakhala pansi ndinaona kuti ntchito yanga imafuna zinthu zitatu basi: magetsi pang'ono, netiweki ndi mutu wozizira. Lendi mulibemo m'ndandandamo. Kwa ife Achewa malo amayenda kuchikazi, choncho pamudzi pa amayi ine si mlendo. Amalume, monga mwini mbumba, anandilozera kanyumba kamene ankasungiramo mbatata, ine n'kugula malata ochepa, sola imodzi ndi batire. Ofesi inatha pamenepo.

Galuyo anabwera patapita mwezi. Mnyamata wina wogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu wa M1 anali ndi tiana tagalu tinayi m'katoni, ndipo kamodzi kanali kozungulira, kofiirira, kothimbirira ndi dothi, kosasiyana n'komwe ndi katundu amene mbuye wakeyo ankagulitsa. Ndinakatcha Kachewere. Kuno dzina la galu silibwera mwachisawawa. Kawirikawiri limakhala uthenga wopita kwa oyandikana nawo, moti munthu akamaitana galu wake madzulo kuti "Zonena! Zonena!" mudzi wonse umadziwa amene akuuzidwa. Amalume ankafuna kuti timutche Lova. Akuti likanamukhala bwino poti iye ndi mbuye wake onse awiri ndi ongokhala. Ndinaseka nawo, chifukwa amalume sutsutsana nawo pagulu, koma dzina linakhala langa lija.

Zimene zinadabwitsa anthu kwambiri ndi chingwe. Galu wa kumudzi ali ndi ntchito ziwiri, kulondera usiku ndi kupita ku uzimba. Amadya mkute ukatsala, amagona paphulusa, ndipo akafuna kuyenda amayenda yekha. Zoti munthu wamoyo n'kusiya zochita kuti akayendetse galu, anthu anaziona m'mafilimu mokha. Masiku oyamba ana ankanditsatira mpaka kumjigo akuimba kuti "mzungu wakuda", ndipo amayi ena anafunsa amayi anga mwakachetechete ngati sukulu ija sinandisokoneze pena pake. Koma chingwe chili ndi zifukwa zake, ndipo ndi za kumudzi komwe kuno. Galu akagwira nkhuku ya mwini, umenewo ndi mlandu. Akaluma mbuzi, mumakakumana kwa amfumu ndipo chindapusa chake chimatha kuposa mtengo wa mbuziyo. M'tchire muli misampha ya waya imene anthu amatchera akalulu ndi agwape, ndipo msampha sufunsa kuti iwe ndiwe yani. Nditafotokozera amfumu zimenezi anagwedeza mutu n'kuti, "Naphiri, bola wanuyo. Enawa agalu awo atimalizira anapiye."

Timanyamuka 5 koloko itangopitirira pang'ono. Amene anagonako ku Dedza mu Juni kapena Julayi akudziwa chimene ndikunena. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, phiri la Dedza lenilenilo limafika mamita 2,198, ndipo chisanu chake sichiona nkhope. Mpweya umatuluka mkamwa ngati ukusuta, zala zimakana kugwira chingwe, chifunga chimakuta dambo lonse moti ng'ombe umangoimva kulira osaiona. Ndimavala juzi ziwiri, chipewa choluka ndi chitenje pamwamba pa thalauza, poti kuno thalauza lokha pamaso pa akuluakulu ndi nkhani ina. Kachewere za chisanuzo alibe nazo ntchito. Ikangokwana nthawi amakanda chitseko, ndipo kaya ndagona 1 koloko usiku ndikumaliza nkhani, iye sizimukhudza.

Njira yathu munthu woyenda yekha osaima akhoza kuimaliza m'mphindi 40. Ife imatitengera ola ndi theka, chifukwa kumudzi sudutsa munthu ngati mtengo. Pamjigo pali moni. Kudimba kuli moni, ndipo moni wake ndi wofunsana mpaka za mwendo wa agogo. Poyamba ndinkayang'ana pawotchi mtima uli m'mwamba. Pano ndimanyamula kakope m'thumba la juzi, popeza Chichewa chimene ndimagulitsa masana ndimachitola m'mawa panjira imeneyi.

Ndipereke chitsanzo. Bungwe lina linanditumizira uthenga woti ndiwumasulire, wonena za kusintha kwa nyengo. Chichewa cha m'maofesi chili ndi njira yake yonenera zimenezi, ija ya "kuthana ndi mavuto odza kaamba ka kusintha kwa nyengo", mawu aatali ngati sitima ya pamtunda amene munthu akafika kumapeto amakhala ataiwala kumene anayambira. Tsiku limenelo ndinapeza bambo wina akuthirira kabichi, ndipo pocheza anati, "Mvula ya masiku ano ndi yanjomba, mayi. Imakuitana kuti dzala, ukadzala iyo n'kupita kwawo." Ndinaima pomwepo n'kulemba. Chaka chimenecho, cha 2024, ng'amba inali itapsereza chimanga m'madera ambiri, moti mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Palibe mlimi amene ankafunika kumuuza kuti nyengo yasintha. Chofunika chinali kumulankhula m'mawu amene iye mwini amadandaulira. N'chimodzimodzi ndi timabuku ta kasungidwe ka mbewu. Ukalemba kuti "tizilombo toononga mbewu zosungidwa" anthu amangoti chabwino. Ukalemba kuti anankafumbwe, aliyense amaona ufa uja umatsalira pansi pa thumba.

Tikapitirira madimba timalowa m'mphepete mwa nkhalango. Kalendala yanga yeniyeni ili mmenemo. Mu Meyi ndi Juni udzu umakhala wautali, wouma, ndipo Kachewere amatulukamo thupi lonse lili chisoso, ine n'kukhala pamwala kumamuthothola kamodzikamodzi. Mu Ogasiti anyamata osaka mbewa amayamba kutentha tchire, phiri n'kumaoneka mizere ya moto usiku, ndipo m'mawa timayenda palupsa, mapazi a galu n'kuda bii. Ndiyeno mu Sepitembala, dziko lonse lili gwaa, mvula isanagwe ngakhale dontho, mitengo ya miombo imatulutsa masamba atsopano ofiira ngati yapakidwa utoto, kenaka n'kusanduka obiriwira. Chaka chilichonse zimandidabwitsabe. Kukamatentha masuku amayamba kugwa, ndipo timalimbirana ndi anyani, amene Kachewere amadana nawo kuchokera pansi pa mtima koma amadziwa kuti sangawathe. Amangouwa ali kumbuyo kwa miyendo yanga. Mvula ikakhazikika ndi nthawi ya bowa, ndipo m'njira timakumana ndi amayi atasenza malichero a utale ndi ndelema. Ine bowa sindizula ndekha. Ndimagula kwa amene anaphunzira kwa amayi awo kusiyanitsa wodya ndi wakupha, ndipo amene mwangobwera kumene kumudzi ndikukulangizani kuchita chimodzimodzi.

Nthawi yotentha ndimafupikitsa chingwe chifukwa cha mphiri. Njoka zina zikamva mgugu zimathawa, koma mphiri imangogona panjira itafanana ndi masamba ouma, kudikira kuti uiponde. Ndimachifupikitsanso tikakumana ndi zilombo. Anthu akakolola, gule wamkulu amachuluka kuno, ndipo si zachilendo kuti pokhota njira m'mawa ukumane ndi chilombo chikuchokera kudambwe. Bungwe la UNESCO linauika gule ameneyu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2005, koma ukakumana naye pawekha pakati pa tchire za UNESCO sizibwera m'mutu. Umapatuka, kugwada, n'kuponya kandalama ngati uli nako. Vuto ndi loti galu sadziwa mwambo. Ndimamukumbatira pakamwa mpaka chidutse.

Pali malo amodzi amene sitilowa, ndiwo msitu wa kumanda. Mukamayenda m'chigawo chapakati muziyang'ana: paliponse pamene mwaona kagulu ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe katatsala pakati pa minda yoyera, pamenepo ndi pamanda. Nkhwangwa siifika. Kwina konseku mitengo ikutha, ndipo ine amene ndimadutsa njira imodzi tsiku ndi tsiku ndimaona zitsa zatsopano zimene dzulo kunalibe. Ndalembapo mauthenga ambiri oletsa kudula mitengo, ndipo maganizo anga ndi akuti ambiri mwa iwo amalembedwa ndi anthu amene sanaphikepo nyemba pa nkhuni zonyowa. Mayi amene wasenza mtolo sakudana ndi chilengedwe, akufuna ana adye. Uthenga umene ndinaona ukugwira ntchito ndi wa mbaula zadothi zija za Chitetezo, chifukwa sulalikira. Umangomuuza mayiyo kuti mtolo womwewo ukhalitsa, ndipo iye akayesa amadzionera yekha.

Tikabwerako ndimamwa tiyi ndi mbatata yootcha, kuwapatsa amayi mankhwala awo, ndipo pofika 8 koloko ndimakhala nditatsegula laputopu. Apa bwana wanga weniweni ndi dzuwa. Likawala bwino batire limadzadza pofika masana ndipo ndimalemba mpaka usiku. Koma mu Juni zimatheka masiku atatu otsatizana kumwamba kuli phulusa lokhalokha, ndiye sola imangokhala ngati chokongoletsera denga. Masiku otero ndimalemba ndi bolopeni m'kope, nkhani yonse mpaka kumapeto, kenaka n'kuyatsa laputopu kwa ola limodzi longotaipa. Zikafika povuta ndimakwera kabaza kupita pamsika kukatchaja mubabashopu, ndikukonza ziganizo pakati pa phokoso la makina ometera ndi mkangano wa Bullets ndi Wanderers. Anzanga a m'tauni amandimvera chisoni ndikawauza zimenezi, ngati kuti kwawoko magetsi sazima.

Chovuta kuposa dzuwa ndi khonde. Munthu amene wakhala pansi kumudzi ndiye kuti ali ndi mpata, basi. Ndili pakati pa chiganizo, kumva "Odi!" Wina wabweretsa foni kuti itchajidwe. Wina akufuna ndimuwerengere uthenga wa Chingerezi umene walandira kuchokera kwa mwana wake ku Johannesburg. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, pakhonde panga pamakhala mzere ngati pachipatala. Mtsikana wina amene anasankhidwa kupita ku yunivesite tinakhala naye masana onse tikulemba fomu yopemphera ngongole ya fizi. Kukana sikutheka, ndipo kunena zoona sindifunanso kukana, poti anthu omwewa ndi amene amandiuza amayi akadwala ine ndili kuphiri. Chimene ndinachita ndi kupempha amalume kuti alengeze kuti kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nsima ya masana ndili kumunda. Anatero ndithu, pamaliro ena, kuti, "Mwana wa mlongo wangayu akakhala pakhonde paja ali kumunda kwake. Muzimupeza akaweruka." Anthu anaseka, koma anamva. Mawu oti kumunda anagwira pamene mawu oti dedilaini akanalephera.

Kulemba n'kwina, kutumiza n'kwina. Pakhomo pathu netiweki imakwana uthenga wa WhatsApp wa mawu okhaokha, ukakhala ndi mwayi. Kuti fayilo ipite ndiyenera kukwera chitunda china chimene pamwamba pake pali thanthwe lalikulu lafulati, ulendo wa theka la ola kuchokera kunyumba. Pamenepo timizere ta pafoni timadzadza. Malire a Mozambique sali patali, moti masiku ena foni imandilandira m'Chipwitikizi ndili pamwala wa kwathu. Ndakhala pathanthwe limeneli pa misonkhano ya pa Zoom, kumtunda nditavala bulauzi yabwino, kumunsi chitenje ndi nsapato zamatope, Kachewere atagona pamapazi anga, ine ndikupemphera kuti nyani asatulukire.

Mapiri amenewa ali ndi zolembedwa zakale kuposa zanga. M'dera la Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo mu 2006 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse. Zofiira, za mizere ndi timadontho ndi zozungulira, akatswiri amati anajambula ndi Akafula, alenje amene ankakhala kuno makolo athu asanafike. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, ndipo zambiri zimakhudzana ndi chinamwali komanso nyau. Alendo amachokera kutali kudzaona ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi, pamene ambiri a ife obadwira pompano sitinapiteko. Ine ndinayamba kupitako chifukwa cha galu, poti munthu woyenda tsiku lililonse amatopa ndi njira imodzi. Chimene chimandipweteka ndi maina a ana a sukulu olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambulazo. Ndikawapeza ana otero sindiwakalipira. Ndimawafunsa ngati angalembe dzina lawo pa chitenje cha agogo awo.

Koma mayeso enieni a moyo umenewu ndi maliro. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, wa njinga atsika n'kumaikankha, abambo avula zipewa, dziwani kuti mudzi waima. Palibe wopita kumunda, palibe wotsegula okala, ndipo mawu a amalume aja oti pakhonde ndi kumunda kwanga amatanthauza kuti nanenso sindilima. Anthu a m'tauni ena amaona ngati ndi nkhani ya chisoni chabe. Ayi, ndi ngongole. Amene sabwera pa maliro a anzake, tsiku limene zidzamugwere adzukulu amatha kukhala pansi osakumba manda mpaka banja lake lipepese kwa amfumu. Ine ndili ndi amayi odwaladwala ndi agogo okalamba. Sindingasewere ndi zimenezo.

Mu Julayi chaka chatha agogo ena a mbumba yoyandikana nafe anatisiya Lachiwiri usiku. Ine ndinali ndi kabuku ka alimi koyenera kufika Lachinayi 12 koloko masana, katatsala masamba asanu ndi limodzi, ndipo ndalama yake ndi imene ndinkadalira kugulira feteleza wa amayi. Ndinatumiza uthenga kwa amene anandipatsa ntchitoyo. Anayankha mwaulemu ndithu, kuti pepani kwambiri, koma osindikiza akudikira ndipo tsiku silingasunthe. Sindinawaone kulakwa. Kwa iwo maliro a munthu amene si mbale wako weniweni ndi nkhani yopita Loweruka kukapepesa. Kuno womwalirayo ndi amene anandisambitsa tsiku limene ndinabadwa.

Lachitatu lonse ndinatunga madzi, kusankha nyemba ndi kuphikira adzukulu. Usiku ndinagona pasiwa ndi amayi anzanga, tikuimba nyimbo za m'buku mpaka mawu kusasa, abambo ali panja kuzungulira moto. Masamba asanu ndi limodzi aja ankangozungulira m'mutu. Kutatsala pang'ono kucha, tinamva galu akulira chapatali, kulira kwake kuja kwa 5 koloko. Amayi, amene anali atakhala pambali panga, anandigwira pabondo n'kunena mokweza ndithu, kuti onse amve, "Iwe, kamuyendetse mnzako uja. Asokosera anamfedwa." Amayi ena awiri anavomereza kuti eya, apite, galu ameneyo akapanda kuyenda salola munthu kupuma. Palibe anatchula laputopu. Palibenso anafunsa chifukwa chimene ndinatulukira m'nyumba mwathu nditabereka kanthu kumsana ndi chitenje ngati mwana.

Ndinakhala pathanthwe paja maola atatu, zala zitauma ndi chisanu, Kachewere atandiunjirira m'mbali ngati botolo la madzi otentha. Fayilo inapita 9 koloko isanakwane. Pofika 10 ndinali kumoto ndikutakasa nsima mumphika waukulu, ndipo masana tinaperekeza agogo aja kumanda. Mpaka lero sindidziwa kuti ndi angati mwa amayi a pasiwa paja amene anadziwa zimene zinkachitika. Ndikuganiza kuti onse. Chaka chathunthu anali atazolowera kuti mwana wa uje ali ndi kamisala kake koyenda ndi galu m'mawa, ndipo tsiku limenelo kamisalako anakasandutsa khomo loti nditulukire popanda wina kuchita manyazi.

Ndalama ya kabukuko inabwera patatha masabata asanu ndi awiri. Izi ndi zimene sakuuzani anthu akamatamanda ntchito yodzilemba wekha: dedilaini imamanga wolemba yekha, wolipira ilibe naye mphamvu. Unditumizire pofika Lachinayi 12 koloko, koma malipiro "tikukonza". Feteleza ndinagula mtengo utakwera kale. Komabe matumba awiri anafika pa ngolo, anthu akuona, ndipo amalume anawazungulira kawiri, kuwamenya ndi chikhatho, n'kufunsa ngati m'kompyutamo mulinso malo a munthu wina.

Kusunga galu motere kuli ndi mtengo wake. Kachewere amadya nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi fumbi la usipa limene ndimagula motchipa kwa ogulitsa nsomba, ndipo nthawi ya mvula ndimalimbana ndi nkhupakupa sabata iliyonse. Koma chimene sindiphonya ndi katemera wa chiwewe, chaka ndi chaka. Pano ndilankhule ngati mlangizi pang'ono, poti nkhaniyi imakhudza banja lililonse, la galu ndi lopanda galu lomwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kulibe. Koma munthu akalumidwa n'kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba jakisoni, amapulumuka. Osadikira kuti tione kaye, osayamba ndi zitsamba. Akatswiri amatinso agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasowa podutsa, ndipo ndi zimene bungwe la Mission Rabies lakhala likuchita ku Blantyre kuyambira 2015.

Alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, vuto la kumudzi limakhala limodzi: galu amene sanamangidwepo chiyambire salola kukokedwa. Chaka chatha ndinaona anyamata akulimbana ndi agalu awo pa luzi, wina atamunyamula m'thumba, wina galu atamupulumuka n'kuthawira kudambo. Kachewere anangoyenda yekha kutsogolo ngati akupita ku ukwati. Chaka chino ana atatu mwa aja ankandiimba nyimbo anabwera kudzabwereka chingwe sabata imodzi tsikulo lisanafike, akuti akufuna agalu awo ayambe kuzolowera.

Sindinama, pali madzulo ena amene kumakhala zii. Ukakwera pathanthwe n'kutsegula foni, anzako a ku koleji ali pa ukwati ku Mangochi, wina wakwezedwa pa ntchito, wina wanyamuka kukaphunzira kunja. Iwe uli ndi chisoso m'chitenje. Azakhali anga amafunsa nthawi zonse kuti mwamuna adzandipeza bwanji m'tchire muno, ndipo galu ameneyu sadzathamangitsa ngakhale amene angayesere. Kocheza za mabuku kulibe, kupatula mphunzitsi mmodzi wa kupulayimale amene timabwerekana manovelo akale othothoka zikuto. Kamodzi pamwezi ndimakwera minibasi kupita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80 kuchokera pa Dedza, kukaonana ndi ondipatsa ntchito kuti asaiwale nkhope yanga, ndipo ndimasangalala ndi phokoso, magetsi a mumsewu ndi chipisi cha pachiwaya. Ndikagonako masiku awiri ndimayamba kudzuka ndekha 5 koloko, m'chipinda cha mnzanga, popanda wokanda chitseko.

Pamene ndikulemba pano ndi mu Okutobala. Chizimalupsa chinagwa sabata yatha, fungo la dothi n'kudzadza m'nyumba, ndipo mizere ya m'munda wa amayi yatha kale kuunda. Dzinja ndi nyengo yovuta pa ntchito yanga. Njira ya kuthanthwe imadutsa kamtsinje kamene mu Okutobala umangokalumpha, koma mu Januwale kamatha kufika m'chiuno mvula ikagwa kumtunda, ndipo kuno imakonda kugwa masana. Choncho dedilaini iliyonse ya madzulo ndimaiwerenga ngati ya 10 koloko m'mawa, ndipo ndauza kale onse amene ndimawalembera kuti kuyambira Disembala azindipatsa ntchito kutatsala masiku atatu. Awiri avomera, mmodzi sanayankhe. Ndagula jombo ndi pepala lapulasitiki lokutira laputopu. Kachewere amaopa mabingu koopsa, moti kukangogunda amakalowa pansi pa bedi la agogo, ndipo agogo, amene chaka choyamba ankati galu m'nyumba ndi malodza, masiku ano amamusiyira thumba lakale la feteleza kuti agonepo.